Nthungululu za Akuzike m'chipinda cha Mayi Fanny

Akuzike ndi mdzukulu wanga, mwana wa malemu mwana wanga wachisamba, ndipo ndinamulera ine ku Ndirande kuyambira asanayambe sukulu. Chaka chatha dzina lake linayenda m'mafoni a Amalawi a kuno ku Bradford, linafika ku Leeds, linafika ku Bolton, ndipo mwa onse amene analiyendetsa palibe anabwera kudzamufunsa mwini wake. Ankati wanyoza nkhalamba yodwala. Ankati wavina nkhalamba ikulira. Amene ankanena zimenezi samudziwa mwanayu, ndiye ine ndinena mmene alili ndi mmene zinayendera.

Ali mnyamata, kuseri kwa msika wa Ndirande kunali chisakasa cha malata chimene ankaonetseramo mavidiyo. Munali mabenchi, wailesi ya kanema imodzi pamwamba pa mgolo, ndi fungo la thukuta. Mafilimu ambiri anali a ku China, a anthu omenyana akuuluka pamwamba pa madenga. Chitchaina panalibe wochimva, choncho mwini malowo ankafuna munthu wokhala pambali ndi maikolofoni, azinena m'Chichewa zimene anthu a mufilimu akulankhula. Akuzike anayamba ntchito imeneyi ali Fomu 2, ine osadziwa. Nditamva kuti akujomba maphunziro a masana, ndinathyola kamtengo ka bulugama n'kupita kukamutulutsa. Ndinalowa mumdima muja n'kumva mawu a mdzukulu wanga akutuluka mu sipika. Pakanema panali mkulu wa ndevu zoyera zofika pachifuwa, akukalipira mnyamata wogwada. Akuzike anakulitsa mawu n'kuti, "Akuti, iwe mphwanga, wilibala yanga unabwereka chaka chatha ija ili kuti?" Anthu anagwa nalo phwete. Ndinakhala pabenchi, kamtengo kali pamiyendo, mpaka filimu inatha. Kunyumba ndinamukalipirabe ndithu, koma kamtengo ndinakataya panjira.

Chitchaina iye sankachidziwa, ndipo sananamizepo munthu kuti amachidziwa. Ankayang'ana nkhope, manja, zovala, kayendedwe, n'kuluka nkhani yake. Aliyense wa mufilimu ankamupatsa dzina lakwathu. Mfumu ikalankhula ankalankhula ngati mfumu, mtsikana akalira ankalira ngati mtsikana, hatchi ikalira ankaliranso. Oonera ankamuyankha, kumutsutsa, kumuuza kuti wanama. Kwathu filimu saonera duu ngati uli m'chipinda cha mayeso. Pamakhala wina wolankhula, ndipo anthu amaonera limodzi. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa azungu a kuntchito kwake analephera kuimvetsa, ndipo Amalawi amene amaidziwa bwino anasankha kuiiwala.

Ku England anabwera chifukwa cha mwana wanga wotsiriza, Fyness, amene ndi nesi pachipatala chachikulu. Anamuitanitsa kuti adzaphunzire za makompyuta, kenako anaitanitsa ine kuti ndidzamulerere ana. Sukulu ya Akuzike sinafike kumapeto, zimenezo n'zoona, ndipo sindibisa. Anakwatira Daphne, mwana wabwino wa ku Zomba, anabereka Temwa, n'kupeza nyumba mumzere womwewo wa nyumba zogundana umene ife timakhala, makomo ochepa kuchokera pathu. Ntchito anaipeza kunyumba yosungirako okalamba, kumalire kwa tauni, kumene basi imakathera. Ntchito yake inali yosambitsa anthu, kuwaveka, kuwadyetsa, kuwanyamula pabedi, kuwapukuta akadziipitsira. Ana a anthuwo amabwera ndi maluwa Lamlungu, akakumbukira. Mdzukulu wanga ndiye ankadziwa amene sakonda madzi otentha kwambiri, amene amaopa kumetedwa, amene amafuna kuti sokosi ya kumanzere iyambe. Zaka zonse zimene anagwira kumeneko sanadandaulidwepo.

M'nyumba imeneyo munali mayi wina wachikulire wochokera ku Hong Kong, dzina lake Mayi Fanny. Anabwera kuno kalekale ndi amuna awo, moyo wonse anathera pamoto m'kasitolo kogulitsa zakudya zachitchaina. Amuna aja atamwalira mutu unayamba kusokonekera. Chingerezi chimene anaphunzira kuno chinawathawa chonse, anatsala ndi chilankhulo cha makolo awo, ndipo m'nyumba monsemo munalibe wochimva. Mwana wawo, Ken, anawabweretsera makina ndi mulu wa madisiki a mafilimu akale a kwawo, a nthawi ya utsikana wawo. Antchito ankangoika disiki n'kutuluka. Mayiyo ankakhala okha, maso pakanema, chakudya chikuzizira patebulo.

Akuzike ankatifotokozera za mafilimuwa akabwera kwathu. Ankati si a nkhonya ngati a ku Ndirande aja. Ndi a nthano zakale, achikondi. Akazi ake amavala malaya a mikono yaitali ngati chitenje chathunthu, amayenda pamitambo, ndipo m'malo molankhula amangoimba. Nthawi zina mwamuna wa mufilimu amakhala mkazi wovala zachimuna. Nkhani zake n'za ana aakazi a mafumu a kumwamba kapena a pansi pa madzi, amene amakonda amphawi a padziko, makolo n'kukana.

"Agogo," anandiuza tsiku lina, "apongozi a ku China ndi ovuta. A kwathu amangofuna uwamangire nkhokwe. Awa amakutumizira mphenzi."

Anayamba kukhala ndi Mayi Fanny pa nthawi yake yopuma, tiyi ali m'manja, m'malo mopita kukasuzumira foni ngati anzake. Mawu achingerezi olembedwa pansi m'mafilimu amenewo munalibe. Ndiye pakamwa pake panayamba pokha, monga kale. Mfumu ya kumwamba anaitcha a Chimkwezule, mtsikana anamutcha Abiti Saidi, mnyamata wosauka anamutcha Jekete. Mayi Fanny Chichewa sankamva, koma ankamva kuti pali munthu amene akuonera nawo. Ankaseka, ankamumenya padzanja, ankamukalipira m'Chitchaina akaona kuti wapotoza, iye n'kuyankha m'Chichewa kuti, "Pepani amayi, ndiye kuti ndi mlamu wake." Pakati pa mkangano wotero ankawapatsa supuni, iwo n'kudya osazindikira. Mayi amene ankabweza mbale yodzaza anayamba kubweza mbale yopanda kanthu. Izi zinachitika miyezi yambiri, chitseko chili pululu, aliyense akuona. Palibe anati asiye.

Tsiku la mlanduwo linali Lamlungu masana, m'nyengo yozizira. Filimu inali ya mwana wamkazi wa mfumu ya mumtsinje amene anakonda mnyamata woolotsa anthu pabwato. Bambo ake anakana, mnyamata anadwala ndi chisoni. Pamenepo belu linalira m'chipinda china, bambo wina wokalamba ankafuna kupita kuchimbudzi, ndipo Akuzike anathamangira kumeneko. Anachedwako, chifukwa zoterozo sathamangitsa. Pobwerera anapeza filimu yapita patsogolo. Pakanema panali chigulu cha anthu mumsewu, onse atavala zoyera. Mtsikana uja anali patsogolo, zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nsalu yoyera itaphimba nkhope. Malipenga akulira, ng'oma zikulira. Amuna atanyamula chibokosi chokongoletsedwa pamitengo, ngati machila amene m'mafilimu ena amanyamulira mkwatibwi. Ndipo anthu akuponya m'mwamba timapepala tokhala ngati ndalama, tikugwa ngati masamba.

Tandiuzani inu, Mmalawi wobadwira kwathu, wabatizidwa kwathu, waona zoyera, velo, bandi, ndi ndalama zikuponyedwa m'mwamba, anganene kuti n'chiyani? Akuzike anati, "Apongozi alola, amayi. Jekete wawina. Perekaniperekani wayamba." Anaimba nthungululu ngati mzimayi, monga ankachitira ku Ndirande. Anatenga timapepala topukutira m'kamwa patebulo n'kuyamba kuvina akutiponya. Mayi Fanny anali akulira. Iye anaona misoziyo, koma anaganiza kuti ndi misozi ya paukwati, kuti akumbuka tsiku lawo. Amayi athu salira paukwati kodi?

Sunali ukwati. Mnyamata wa bwato anali atamwalira pamene Akuzike anali kuchimbudzi ndi bambo uja. Ku China zoyera amavala pamaliro, ukwati ndi zofiira. Timapepala tija ndi ndalama za womwalira, amati akagwiritse ntchito kumene akupita. Chibokosi chija munali mtembo.

Pakhomo panaima Gertrude. Gertrude ndi Mmalawi, mkulu wa shifiti kumeneko, wa mpingo wathu, mayi amene wadya m'nyumba mwanga kosawerengeka, amene mwana wake ndinamunyamula ine tsiku la ubatizo. Akanatha kulowa n'kunena kuti, achimwene, taimani, mayiwa akulira. Mawu ochepa chabe. Iye anatulutsa foni n'kujambula. Vidiyoyo anakaipereka kwa manijala, mzungu, Mayi Thompson. Zimenezo mwina ndi lamulo la ntchito, ine sindinagwirepo ntchito ya azungu. Koma madzulo omwewo anaitumizanso pagulu la amayi a mpingo la pa WhatsApp, n'kulemba pansi pake kuti, tiyeni timupempherere m'bale wathuyu. Pempherolo linayenda mwachangu kuposa mapemphero onse amene ndinawaonapo. Mmawa linali litafika kwa anthu amene satchula dzina la Mulungu pokhapokha akapunthwa.

Ine anandionetsa ndi Fyness, atabwera kuchokera kuntchito, asanavule n'komwe jekete.

"Amayi, khalani pansi muone izi."

Ndinaona mdzukulu wanga akuvina, mayi wachikulire akulira pampando, kumbuyo kanema akuoneka pang'ono.

"Ukwati ulipo apa," ndinatero. "Ndiye vuto n'chiyani?"

"Si ukwati, amayi. Manijala waimbira mwana wa mayiwa, wamuonetsa. Akuti ndi maliro."

"Maliro a velo?"

"Kwawo ndi choncho. Ndipo akuti mayiwa filimu imeneyi amaikonda chifukwa imawakumbutsa malemu amuna awo."

Kenako Fyness anandiuza choopsa chenicheni. Akuzike anali atamuimitsa ntchito. Mlandu wake unali wonyoza munthu wokalamba wosatha kudziteteza, kumuseka chifukwa cha mtundu wake, ndi kulankhula chilankhulo chachilendo pamaso pa wodwala. Akapezeka wolakwa samangochotsedwa pamenepo pokha. Amaletsedwa kugwiranso ntchito yosamalira anthu kulikonse m'dziko muno. Ntchito yokhayo imene anali nayo m'manja, Temwa ali kusukulu ya mkaka, Daphne ali woyembekezera.

Ndinavala nsapato n'kupita kwawo. Akuzike ndinamupeza atakhala pamasitepe a m'nyumba, magetsi osayatsa.

"Iwe, wawauza kuti sunadziwe?"

"Ndawauza, agogo."

"Ndiye ati chiyani?"

"Akuti ndidikire msonkhano. Akuti ndisapite kumeneko, ndisalankhule ndi antchito anzanga, ndisalankhule ndi abale a mayiwa."

"Osalankhula ndi eni maliro? Ndiye upepesa bwanji?"

"Kuno sapepesa choncho, agogo. Ukapepesa amati wavomera."

"Wavomera chiyani? Unavina pamaliro, eya. Unavina mosadziwa. Zonse ziwiri n'zoona."

Anangoweramitsa mutu. Chimene chinkamupweteka si ntchito yokha. Anati, "Amandigwira dzanja, agogo, ndikuvina muja. Ine ndimati akufuna kuvina nawo. Chonsecho amati ndisiye."

Lamlungu lotsatira ndinapita kutchalitchi, ndinavala chitenje changa chabwino, ndinakhala kutsogolo. Daphne anakana kupita. Mpingo wathu umasonkhana mu holo ya sukulu, ndipo tikaweruka pamakhala tiyi. Patiyi pomwepo ndinamva bambo wina wa madigiri, wa suti, akuuza mnzake m'Chingerezi kuti vuto la kubweretsa anyamata a mavidiyo kuno n'limenelo, amatichititsa manyazi tonse. Ankayesa kuti sindikumva. Ine ndinalekezera Sitandade 8 ya kale, ya aphunzitsi a chikoti, Chingerezi ndimamva. Ndinamuyandikira n'kumufunsa m'Chichewa ngati amayi ake ali moyo. Anati ali moyo, ali ku Dowa. Ndinamufunsa kuti amawasambitsa ndani. Anaika kapu pansi n'kupita kukayang'ana galimoto yake.

Akuzike anamuletsa kuonana ndi abale a Mayi Fanny. Ine sanandiletse, sindine wantchito wawo. Kwathu mwana akalakwira maliro, akulu ake sakhala pansi kudikira msonkhano. Amanyamuka ndi nkhuku n'kupita kwa eni ake. Daphne ankadziwa kuti Ken ali ndi sitolo ya zakudya ku Wakefield, dzina lake linalembedwa pa kalendala imene Mayi Fanny anapatsa Akuzike pa Khirisimasi. Ndinagula nkhuku kwa Amwenye a pamsewu wathu, yolimba ija yofanana ndi yakumudzi, ndinaikulunga bwino, ndinakwera sitima mpaka ku Leeds, ndinasintha, ndinatsika ku Wakefield. Fyness ndinamuuza nditafika kale.

Sitolo inali isanatsegulidwe. Ndinagogoda pagalasi mpaka panatuluka bambo wa imvi pang'ono, atavala epuloni, manja ali mafuta. Ndinamuuza m'Chingerezi changa kuti ndine agogo ake a Akuzike. Nkhope yake inasintha. Koma anandilowetsa, chifukwa kunja kunali mvula, ndipo anandipatsa mpando. Zimenezo ndimamuyamikira.

Ndinaika nkhuku pa kauntala. Ndinamufotokozera kuti kwathu wolakwira maliro amabweretsa nkhuku, kuti banja lathu lavomera kuti mwana wathu anasokoneza kulira kwa amayi ake, ndipo tabwera kudzapepesa. Anayang'ana nkhukuyo, anayang'ana kumbuyo kwake kumene kunali mafiriji aakulu.

"Mayi, nkhuku ndili nazo zodzaza umo."

"Zimenezo n'zogulitsa. Iyi ndi ya mlandu."

Sanaseke. Anati, "Mwaiona vidiyo ija? Amayi anga akulira, munthu akudumphadumpha pamaso pawo akukuwa ngati mbalame. Mukudziwa kuti ine ndakula ndi anthu otiseka? Ana a sukulu ankabwera pakhomo la sitolo ya bambo anga kudzayerekeza kalankhulidwe kathu, akukoka maso. Amayi anga ankangomwetulira n'kuwapatsa tchipisi. Ndiye lero, atakalamba, osatha kudandaula, ndione zomwezo?"

Ndinamumvetsa. Nanenso ana a azungu anandikuwizapo pa siteji ya basi. Ndinamuuza za chisakasa cha ku Ndirande, za maikolofoni, za velo yoyera, za ndalama zimene timaponya paukwati. Ndinatulutsa foni n'kumuonetsa ukwati wa Akuzike ndi Daphne, mkwatibwi ali mbee, ife tikuvina, ndalama zikuuluka, ine ndemwe ndikuimba nthungululu. Anaonera kawiri.

Kenako anati, "Chabwino. Sanadziwe. Koma ngati sadziwa, amalankhuliranji? Mafilimu amenewo si zoseweretsa. Bambo anga anawatengera amayi kukaonera filimu imeneyo asanakwatirane. Ndi chinthu chokhacho chimene amachikumbukirabe. Iye anachisandutsa nthabwala za kwanu."

Apa mtima unandikwera. Ndinabwera kudzapepesa, koma sindinabwere kudzamva kuti mdzukulu wanga ndi wachabe.

"Inu mumachimva Chitchaina?" ndinamufunsa.

"Pang'ono. Chokwanira."

"Ndiye filimu imeneyo munaonera nawo liti?"

"Ine ndimagwira ntchito masiku onse, mayi. Sitolo iyi ndili ndekha ndi mkazi wanga."

"Ndikudziwa, sindikukunenani ulesi. Koma amene amaimva filimuyo ali ku Wakefield akukazinga nkhuku. Amene saimva ndiye anakhala pansi. Amayi anu anayamba kudya chifukwa cha nthabwala za kwathuzo. Kafunseni kukhitchini ngati ndikunama."

Anafiira. Ndinaganiza kuti andithamangitsa. Anatenga nsanza n'kuyamba kupukuta kauntala imene inali yoyera kale. Pomaliza anati msonkhano uli Lachinayi, ndipo amuitana. Sananene kuti akalankhula zotani. Nkhuku anailandira, anailowetsa mufiriji, ndipo anandipatsa tiyi wopanda mkaka, wopanda shuga, amene ndinamwa chifukwa cha ulemu.

Lachinayi ndinamuperekeza Akuzike. Mkati sanandilole, anati wololedwa ndi wa bungwe la antchito yekha. Ndinakhala pampando wa m'khonde, pafupi ndi chitseko, ndipo makoma a nyumba za kuno ndi opyapyala. Ndinamva Mayi Thompson akufunsa ngati Akuzike anapempha chilolezo asanayambe zochita zakezo. Chilolezo chokhala pansi ndi nkhalamba. Ndinawamva akufunsa ngati anazilemba penapake kuti wodwala amachita nawo zimenezi. Ndinawamva akunena kuti Chichewa pamaso pa wodwala n'choletsedwa chifukwa wodwala samva. Ndinafuna kutsegula chitseko ndiwafunse ngati Chingerezi chawocho mayiwa amachimva. Miyezi yonse ija manijala yemweyo ankadutsa pakhomopo, ankasangalala kuti sikelo ya Mayi Fanny ikukwera. Tsiku limenelo analankhula ngati anali kunja kwa dziko.

Ken analankhula pomaliza, mawu ake anali apansi, ndinachita kutsamira khoma. Anati sakukhulupirira kuti mnyamatayu anafuna kunyoza. Anati sakufuna kuti achotsedwe ntchito, ndipo sakufuna kuti nkhani ipite kuboma. Koma anatinso sakufuna kuti akhalenso ndi amayi ake. Anati akatseka maso amaonabe vidiyo ija, ndipo sangagone akudziwa kuti ali m'chipinda chimodzi.

Atatuluka, Akuzike anamutsatira Ken m'khonde, ananjuta n'kuomba m'manja monga timachitira kwathu. Bambo uja anasowa chochita, anamugwira paphewa kuti aimirire. Akuzike anamufunsa kuti filimuyo inatha bwanji. Ken anati mtsikana uja anafika kumanda, analira mpaka mtsinje unasefukira n'kutenga manda ndi iye yemwe, ndipo mpaka lero pamalopo pamamera mabango awiri opiringizana. Akuzike anangoti, "Ndikanadziwa." Ken anati, "Eya," n'kupita kukakwera galimoto.

Chigamulo chinali chakuti mlandu wonyoza wagwa. Ntchito sinathe. Koma anamupatsa chenjezo lomaliza chifukwa cha chilankhulo ndi chifukwa chosasunga ulemu wa wodwala, ndipo anamuchotsa kwa anthu n'kumuika kochapira zovala, chipinda cha pansi chopanda windo, kumene makina amalira tsiku lonse. Ine ndinamuuza kuti asiye, akafune kwina. Anati, "Ndi chenjezo limeneli andilemba ndani, agogo? Daphne watsala pang'ono."

Gertrude anandipeza pakhomo la holo Lamlungu lotsatira, dzanja ali nalo patsogolo.

"Agogo, tithokoze Mulungu kuti zatha bwino. Timapemphera."

Manja anga ndinawasiya m'thumba la jekete.

"Zatha bwino kwa ndani, a Gertrude?"

"Ine ndinangotsatira malamulo, agogo. Ndikanapanda kunena, ntchito ikanatha ndi yanga. Inenso ndili ndi ana."

"Za kwa manijala sindikukufunsani. Lamulo liti linati mutumize kwa amayi a mpingo?"

"Ndimafuna kuti tipemphere."

"Nyumba yanga simukuidziwa? Mukanabwera, tikanagwada tonse pa kapeti. Inu munakulira ku Bangwe. Simunalowepo m'chisakasa cha mavidiyo? Pamene munaona zoyera zija, inuyo munati n'chiyani?"

Anayang'ana pansi. Anati, "Inenso ndimayesa ukwati."

Mwamva? Iyenso ankayesa ukwati. Ankadziwa kuti mnzake sakunyoza, anajambulabe, anatumizabe. Ndinamuuza kuti alembe pagulu lomwe lija kuti mlandu wonyoza wagwa, ndi kuti iyenso anaona ukwati. Anati aganizira. Akuganizabe mpaka lero. M'nyumba mwanga sanapondemonso, ndipo sadzapondamo asanabwere ndi wamkulu wa kwawo kudzakhala pansi. Abusa anandiuza za kukhululuka. Ndinawauza kuti Ken ndinamukhululukira ndisanatuluke m'sitolo mwake, chifukwa iye ankalirira amayi ake. Gertrude ankalirira ndani?

Daphne anabereka mwana wamwamuna. Akuzike akadali kochapira. Amanyamuka mmawa ndi basi yoyamba, amabwera manja atauma ndi sopo, makutu akulira. Mashiti a pabedi a nyumba yonseyo amatuluka oyera ndi opindidwa bwino, chifukwa mwanayu sadziwa kugwira ntchito mwachinyengo ngakhale atamukhumudwitsa. Wa kukhitchini, mtsikana wa ku Zambia, anamunong'oneza kuti mbale za Mayi Fanny zayambanso kubwerera zodzaza. Manijala akuti aitana dokotala wa zakudya.

Sabata yatha anabwera kwathu kudzatenga Temwa, ndinamuona kuti nkhope si yake. Ndinamukoka kukhitchini. Anati anakwera pamwamba kukasiya zochapa, ndipo njira yake inadutsa pakhomo la Mayi Fanny. Chitseko chinali chotsegula, filimu ikuimba, iwo ali okha. Anamuona. Anayamba kumuitana m'Chitchaina, akumenya ndi dzanja pampando uja ankakhalapo iye.

"Ndiye iwe unatani?"

"Ndinawapatsa moni m'Chingerezi, ndili pakhonde."

"Basi?"

"Basi, agogo. Ndinadutsa."